Mwana Wokana Chakudya: Kusankha Kapena Chiwengo?

Palibe dandaulo limene limamveka kawirikawiri pamzere wa kusikelo kuposa lakuti, "Mwana wangayu sadya." Mayi wina adzati wake amalavula ndiwo zamasamba, wina adzati wake akaona nyemba amafumbata milomo, ndipo wachitatu adzati wake akadya phala la nsinjiro amasanza ndi kutuluka zidzolo. Atatu onsewa alankhula mawu ofanana, koma mavuto awo ngosiyana. Ana awiri oyambawo akungosankha, pamene wachitatuyo chakudya chikumuwenga. Mwezi uno tifuna kukambirana nanu, makolo ndi achinyamata amene mumathandiza kulera abale anu, za kusiyanitsa mitundu iwiri ya anawa, pakuti chimene chithandiza wina chingaphe mnzake. Wosankha afunika kumpatsa chakudya chomwecho mobwerezabwereza kufikira atachizolowera. Wachiwengo mukambwerezera, mungathe kumtaya.

Tiyambe ndi wachiwengo. Thupi la munthu lili ndi asilikali olimbana ndi matenda, koma mwa ana ena asilikaliwa amasokonezeka, naona chakudya chabwinobwino ngati mdani. Zakudya zimene zimawenga ana kawirikawiri ndi mkaka wa ng'ombe, mazira, mtedza, nsomba, soya, tirigu ndi chitowe. Chiwengo chotere chimadziwika ndi changu chake: nthawi zambiri pamangopita mphindi zochepa mwana atadya, ndipo chikachedwa sichipitirira maola 2. Khungu limatuluka zidzolo zoyabwa, milomo ndi zikope zimatupa, mwinanso mwana amasanza. Mukaona zotere lekani kumpatsa chakudyacho, mukafotokoze kuchipatala. Musayesenso nokha kunyumba kuti muone ngati zichitika kachiwiri, chifukwa kachiwiriko kangakhale koopsa kuposa koyamba.

Mwana akayamba kubanika, mawu kusasa, lilime kutupa, kapena kulefuka ngati akukomoka, si nthawi yomumwetsa madzi kapena kumsanzitsa. Thamangirani naye kuchipatala. Chimene chimapulumutsa moyo pamenepa ndi jekeseni ya adrenaline. Mapiritsi a ziwengo amachepetsa kuyabwa, koma satsegula kukhosi kwa mwana amene akubanika. A m'tauni ali ndi mwayi popeza Zomba Central Hospital ili pafupi. Koma inu okhala pamwamba pa phiri, kumene msewu wotsika ngwokhotakhota, dziwiranitu lero mnansi amene ali ndi galimoto kapena njinga yamoto, ndipo mumuuze za mwana wanu tsoka lisanafike.

Komatu si kufiira kulikonse kumene kuli chiwengo. Sitiroberi zimene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Ku Chawe, tomato, chinanazi ndi malalanje zili ndi kuwawasa kumene kumafiiritsa khungu lanthete mozungulira pakamwa, ndipo kufiirako kumatha kokha mukamsukusula mwana. Utomoni wa mango nawonso umaotcha khungu, pamene mnofu wake wosendedwa ana ambiri suwachita kanthu. Mphere ndi zipere sizichokera m'mbale. Za mkaka zili pawiri. Ambiri a ife mu Afirika tikamakula, mimba imaleka kugaya bwino shuga wa mumkaka, kotero kuti kapu yodzaza imabweretsa mpweya ndi kutsegula m'mimba. Chimenechi si chiwengo, ndipo mwana wotere nthawi zambiri amadya chambiko popanda vuto. Koma amene mkaka umamuwenga zenizeni, chambiko n'choletsedwa kwa iye, ndiponso mkaka wa mbuzi suli pothawira, pakuti ufanana kwambiri ndi wa ng'ombe.

Tatalikitsa pamenepa chifukwa taona makomo ambiri akulakwira mbali inayo. Mwana akatuluka kachidzolo kamodzi, banja limagamula mlandu popanda umboni: mazira achoke, nsinjiro zichoke, nsomba ichoke. Chotsala n'chiyani? Phala la ufa woyera ndi shuga. Kafukufuku wa za umoyo wa anthu m'dziko muno wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira. M'dziko lotere, kumana mwana chakudya chomanga thupi pa chifukwa chongoganizira ndi kumchotsa m'ngozi yokayikitsa ndi kumuika m'ngozi yotsimikizika.

Ndipo kuchedwa kumpatsa mwana mtedza sikumteteza ayi. Mu 2015 madokotala a ku London, motsogozedwa ndi Gideon Lack, analengeza zimene anapeza atatsatira makanda 640 amene anali pangozi ya chiwengo cha mtedza. Theka anayamba kudya mtedza ali makanda, theka linalo anawamana kufikira zaka 5. Mwa odyawo, pafupifupi 3 pa 100 alionse ndiwo anapezeka ndi chiwengo. Mwa omanidwawo anali 17 pa 100. Tsono agogo athu amene ankathira nsinjiro m'phala la khanda sanali kulakwa. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, ndipo pambuyo pake zakudya zilowe chimodzichimodzi, masana, mayi ali maso. Ngati khandalo lili ndi matenda aakulu a khungu, kapena chakudya china chinaliwengapo kale, funsani kaye dokotala. Mtedza wosasinja usaperekedwe kwa mwana wosakwana zaka 5 chifukwa ungamtsamwe, ndipo wofuka kapena wachuku utayidwe, usasinjidwe.

Chiwengo chikatsimikizika, lamulo la m'khitchini ndi limodzi: chimene chachoka chilowedwe m'malo ndi chinzake chogwira ntchito yomweyo. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, ndiwo zokhutitsa, nyemba ndi mtedza, zanyama, zamasamba, zipatso ndi mafuta. Pamenepa ife a ku Zomba tilibe chowiringula. Msika wathu umalandira matemba ndi mlamba za ku nyanja ya Chilwa, mpunga wa m'madambo a nyanjayo, nandolo wa m'minda yozungulira, ndi kachewere ndi zipatso za kuphiri. Ngakhale m'zaka zimene Chilwa inaphwa, monga 1995 ndi 2018, usipa wa ku Mangochi unali kufika.

Phala ndilo poyambira. Likuni Phala, lotchedwa dzina la mishoni ya Likuni pafupi ndi Lilongwe, limapangidwa ndi muyeso wosavuta kukumbukira: magawo 4 a chimanga ndi gawo 1 la soya. Mungathe kutsata muyeso womwewo pakhomo. Ngati mtedza umamuwenga mwana koma soya ayi, kazingani soya, mupete makoko, musakanize ndi chimanga chosakonola, mukagayitse. Ngati ndi soya amene amamuwenga, ikani nandolo, khobwe kapena nyemba m'malo mwake, ndipo phala logula m'mapaketi muziyamba mwawerenga zolembedwa kunja kwake. Phalalo lipse bwino, likhale lolimba loti silidontha pasupuni, chifukwa mimba ya mwana njaing'ono ndipo phala lamadzimadzi limaidzaza ndi madzi. Mukaphula thirani supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, kapena munyenyeremo peyala lakupsa.

Chinthu chimene tifuna banja lililonse liyese ndi ufa wa matemba. Sankhani matemba ouma bwino, muwatsuke kuchotsa mchenga, muwayanike, ndipo muwakazinge pamoto wochepa kufikira atauma gwa. Sinjani onse pamodzi ndi mitu ndi minga yomwe, musefe, musunge m'botolo louma lotseka bwino. Supuni imodzi m'mbale ya phala kapena m'ndiwo zamasamba imampatsa mwana zomanga thupi, ndipo popeza mingayo yasinjidwa pamodzi, amapezanso zolimbitsa mafupa zimene akanazipeza mumkaka. Ufa umenewu ngwothandiza kwa mwana amene mkaka, mazira kapena mtedza zimamuwenga, ndiponso kwa uja amene amathawa nsomba chifukwa choopa minga. Kwa amene nsomba imamuwenga, ufawu usayandikire mbale yake.

Nanga futali ndi nkhwani wotendera, m'nyumba imene nsinjiro sizilowa? Musataye nthanga za maungu. Ziyanikeni, muzikazinge pang'ono, muzisinje ndi kusefa. Ufa wake umatendera ndiwo mofanana ndi nsinjiro, ndipo uli ndi mafuta ndi zomanga thupi. Futali wake phikani ndi mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, imene ili ndi zopatsa Vitamini A. Senda mbatata zinayi, dula, phika m'madzi ochepa ndi mchere pang'ono. Zikafewa thira theka la kapu ya ufa wa nthangazo, vundikira mphindi zochepa, kenaka takasa. Ana amakopeka ndi kutsekemera kwake ndi mtundu wake, ndipo mungathe kunyenyeramo nandolo wophika osamva dandaulo.

Za kadyedwe ka pakati pa tsiku, makolo athu anatisiyira zitumbuwa, zimene sizilira dzira, mkaka kapena ufa wa tirigu. Nyenyani nthochi zitatu zakupsa kwambiri, sakanizani ndi theka la kapu ya mgaiwa ndi kamchere, ndipo muzikazinga ndi supuni m'mafuta otentha. Shuga safunika ngati nthochi zapsadi. Mafutawo akhale atsopano, osati amene munakazingira nsomba dzulo. Zogula pamsewu n'zovuta kuzidziwa, pakuti wogulitsa mandasi sangakuuzeni zonse zimene zalowa mumtanda ndi m'chiwaya.

Tsopano tibwere kwa wosankha, amene ali m'nyumba zambiri kuposa mnzakeyo. Choyamba tsimikizani kuti sakudwala, chifukwa malungo, njoka za m'mimba, kuchepa kwa magazi ndi zilonda za m'kamwa zonse zimachotsa chilakolako cha chakudya. Ngati sikelo ikukwera ndipo mwana akusewera, mtima ukhale pansi. Mwana akapitirira chaka chimodzi kakulidwe kake kamachepa liwiro, motero amadya pang'ono, ndipo kukayikira chakudya chachilendo ndi khalidwe la ana ambiri a zaka 2 mpaka 6. Ofufuza za kadyedwe ka ana anapeza kuti mwana angafunike kulawa chakudya ka 10 kapena kupitirira asanachilandire. Ambiri a ife timagonja pa kachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mayi wina wa ku America wodziwa za kadyedwe, Ellyn Satter, anagawa udindo motere: kholo lisankhe chakudya, nthawi ndi malo odyera, mwana asankhe ngati adye ndi kuchuluka kwa chimene adye. Poyamba zimamveka ngati kulekerera, koma sizili choncho. Tanthauzo lake n'lakuti simuphika mphika wachiwiri chifukwa mwana wakana woyamba, simumgwira mphuno kuti atsegule pakamwa, ndipo simulonjeza switi kuti amalize bonongwe, popeza potero mumamphunzitsa kuti bonongwe ndi chilango. Muikireni pang'ono m'mbale yakeyake, kuti muone chimene wadya ndiponso kuti akuluakulu a manja achangu asamdyere. Adye pamodzi ndi inu. Bambo amene amakankhira chisoso pambali asadabwe mwana wake akachita chimodzimodzi.

Mdani wamkulu wa nsima yamasana ndi kathumba ka jigisi ndi chakumwa chotsekemera zimene mwana amalandira pa 11 koloko. Mwana wotere sakusankha, wakhuta. Tiyi nayenso asamaperekedwe pamodzi ndi chakudya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga zowonjezera magazi za m'nyemba ndi m'masamba, pamene gwafa, papaya, malambe kapena sitiroberi zotsukidwa bwino zimathandiza thupi kuzitenga. Inu achinyamata mungathandize kwambiri pamenepa. Tengani mng'ono wanu pokathyola nkhwani, mumpatse ntchito yosadzula, asankhe yekha mulu wa matemba kumsika. Chimene mwana wagwira ndi manja ake sachedwa kuchilawa.

Pali mawu ena kwa mabanja a mwana wachiwengo okhudza ziwiya ndi anthu. Mtondo umene mwasinjiramo nsinjiro umasunga mafuta a mtedza m'ming'alu yake, ndipo mthiko, chipande ndi sefa zimachita chimodzimodzi. Kwa ana ena kachidutswa kosaoneka n'kokwanira kuwadwalitsa. Khalani ndi kamtondo ndi mthiko zapadera, ndipo chakudya cha mwanayo chiyambe kuphikidwa zisanaphikidwe zina. Pemphani a chipatala alembe chiwengocho m'buku la umoyo la mwana. Auzeni aphunzitsi, olera mwana ndi ophika paukwati kapena pamsonkhano, ndipo mwana akafika pa msinkhu wolankhula aphunzire kunena yekha kuti, "Mtedza umandiwenga."

Povuta kwambiri ndi kwa agogo, amene amapatsa chifukwa cha chikondi ndipo amaona kukana ngati mwano kapena matama a m'tauni. Musawatumizire uthenga kudzera mwa mwana. Pitani nokha, mukhale nawo pansi, muwafotokozere zimene munaona tsiku limene milomo inatupa, ndipo muwasiyire botolo la ufa wa nthanga kuti mdzukulu akabwera asasowe chomtenderera. Ana ambiri amene mkaka ndi mazira zimawawenga amadzachira akamakula, koma chiwengo cha mtedza chimachoka mwa mwana mmodzi yekha pa asanu, ndipo cha nsomba nthawi zambiri chimakhala cha moyo wonse. Tsiku loyesanso chakudyacho alisankhe ndi dokotala, ndipo kuyesako kuchitikire kuchipatala.