Ma lathe akale tisawataye, koma VFD yake tiilumikize mwanzeru

Aliyense amene anayendapo mu msewu wa ku Mchinji, kuchokera m'tauni ya Lilongwe kudzera pa Njewa ndi Chitedze mpaka ku Namitete, akudziwa kuti derali limadalira zitsulo zozungulira. Zigayo, ngolo za ng'ombe, makina otongola chimanga ndi oswa mtedza, njinga zamoto za kabaza, mapampu a m'madimba, zonsezi zili ndi shafti, bushi kapena pule yomwe tsiku lina imadyeka. Ikadyeka, mwini wake amaimanga m'thumba n'kukwera nayo minibasi kukasaka mmisiri wa lathe m'tauni. Lathe ndi makina aja amene amagwira chitsulo n'kumachizunguliza pamene mpeni wolimba ukuchisema. Chigayo cha ku Nsaru kapena ku Kabudula chikhoza kukhala masiku angapo chisakugaya chifukwa cha kachitsulo kokwana m'manja, amayi n'kumayenda mtunda wautali ndi mphale pamutu.

Ife amene tikuphunzira za uinjiniya, ndi anzathu amene anamaliza chaka chatha ndipo akuyendabe ndi maenvulopu a khaki m'maofesi, tili ndi ntchito pafupi pomwepa yomwe tikuipeputsa. Ntchitoyo ndi yotenga ma lathe akale oyendetsedwa ndi manja n'kuwaika mamota ang'onoang'ono ndi kompyuta kuti akhale CNC, makina oti ukawauza kamodzi muyeso wa bushi amasema makumi asanu ofanana ndendende. Pa ntchito yonseyi, pomwe padzaonekere amene akudziwa ndi amene wangoonera mavidiyo a pa YouTube ndi pa kalumikizidwe ka kabokosi kotchedwa VFD.

Choyamba tinene za ndalama. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. CNC yatsopano imagulidwa ndi madola, imabwera pa sitima kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo ikafa kachipangizo kamodzi mumadikira miyezi. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za kutukula mafakitale, koma fakitale yoyamba ya pa Njewa sidzayamba ndi makina atsopano a ku Germany. Lathe yakale, monga zija za Colchester ndi Harrison za ku Britain, inapangidwa ndi chitsulo cholemera chomwe sichinjenjemera wamba. Thupi lakelo ndiye gawo lodula kwambiri kuitanitsa kunja, ndipo lili kale kuno. Zotsalazo, mamota oyendetsa mpeni, VFD ndi kabodi kolamulira, zimakwana m'katoni imodzi. Pulogalamu ya LinuxCNC ndi yaulere ndipo imayenda pa kompyuta yakale.

Nanga VFD imachita chiyani? Imalandira magetsi a ESCOM a 50 Hz, imawasandutsa DC, kenako imapanganso magetsi a three phase pa liwiro lomwe mwasankha. Mota ya ma pole anayi pa 50 Hz imazungulira maulendo pafupifupi 1,440 pa mphindi. Mukatsitsa kufika pa 25 Hz liwiro limatsika ndi theka. Pa lathe yamanja mmisiri amaimitsa makina n'kusintha magiya. CNC imafunika kusintha liwiro mpeni uli m'chitsulo. Mpeni ukamayandikira pakati pa chitsulo, liwiro liyenera kukwera kuti kasemedwe kakhale kosalala, ndipo lamulo la G96 limachita zimenezi pokhapokha ngati kompyuta ikutha kulankhula ndi VFD, kaya kudzera pa waya wa 0 mpaka 10 V kapena pa Modbus.

Kwa ife kuno VFD ili ndi ubwino wina womwe mabuku a kunja saupatsa chidwi. Mashopu ambiri a m'ma trading centre ali ndi magetsi a single phase a 230 V, pamene mota ya lathe imafuna three phase. Kukoka laini ya three phase ndi ndalama zambiri, nthawi zina mpaka thiransifoma. VFD yaing'ono imatha kulandira single phase n'kutulutsa three phase. Koma apa ndi pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Mukailowetsa 230 V imatulutsanso 230 V, siingakupatseni 400 V. Ndiye musanagule chilichonse, pukutani kachitsulo kolembedwa pa thupi la mota muwerenge. Ngati palembedwa 230/400 V, tsegulani kabokosi ka mawaya a motayo musinthe timizere ta mkuwa kuchoka pa star kupita pa delta. Mukaiwala, mota izungulira ndithu, aliyense aomba m'manja, koma mpeni ukangoluma chitsulo makina afooka ngati galimoto yokwera chitunda pa giya yolakwika. Ngati palembedwa 400/690 V, motayo singakupatseni mphamvu zake zonse pa 230 V ngakhale mutaipempherera. Mufunika mota ina kapena laini ya 400 V. Ndipo ngati VFD yomwe mwapeza inapangidwira three phase koma inu mukufuna kuidyetsa single phase, sankhani yaikulu pafupifupi kawiri kuposa motayo, mutawerenga kaye buku lake ngati limalola.

Kulumikiza kwenikweniko kumaoneka kosavuta, ndipo kuoneka kosavutako ndi kumene kumapsereza zinthu. Magetsi olowa amapita pa L ndi N, kapena pa R, S ndi T. Opita ku mota amachokera pa U, V ndi W. Mukasokoneza n'kuika magetsi a ESCOM pa U, V ndi W, VFD imafa nthawi yomweyo, ndipo madola anu asanduka utsi. Pakati pa VFD ndi mota pasakhale swichi kapena contactor yomwe ingatseguke mota ikuyenda. Ma lathe akale ali ndi chogwirira chija chotembenuza kuti makina ayende chamtsogolo kapena chambuyo, ndipo mmisiri amene wachigwira zaka makumi awiri safuna kuchisiya. Chisiyeni pomwepo, koma chichotsereni magetsi akuluakulu. Chilumikizeni ku timaterminal ta VFD ta magetsi ochepa, kuti chizingouza VFD choti ichite.

Nkhani ya earth ndi yomwe tonse timailemba bwino pa mayeso koma timaiona ikunyalanyazidwa m'mashopu, momwe waya wobiriwira nthawi zambiri amangopinda n'kumusiya m'mwamba. VFD imatsegula ndi kutseka magetsi maulendo masauzande pa sekondi, ndipo zimenezi zimatulutsa phokoso lamagetsi lomwe limalowa m'mawaya oyandikana nawo. Waya wopita ku mota akhale wokutidwa ndi ukonde wachitsulo, ndipo ukondewo ugwire bwino thupi la VFD ndi la mota. Earth ya mota ibwerere ku VFD, ndipo bokosi lonse lifike pa chitsulo chokhomedwa m'nthaka yeniyeni. Mawaya a encoder, kachipangizo kouza kompyuta pomwe chitsulo chafika pozungulira, asagone mu paipi imodzi ndi waya wa mota. Akakumana, adutsane mopingasa. Mukapanda kutero, makina aziima okha popanda chifukwa, mizere ya bawuti izituluka yokhota, ndipo mudzataya sabata mukutukwana LinuxCNC. Ena m'shopumo adzayamba kunong'onezana kuti makinawa wina wawachita chipongwe, pamene vuto ndi mawaya awiri amene mwawamanga mtolo umodzi ndi tepi.

Palinso ngozi ya chete. M'kati mwa VFD muli ma capacitor omwe pa magetsi a 230 V amasunga pafupifupi 325 V, ndipo pa 400 V amapitirira 560 V. Mukathimitsa magetsi, mphamvuyo imakhalamobe kwa mphindi zingapo ngakhale sikirini itazima. Dikirani nthawi yomwe yalembedwa pa chivindikiro, muyeze ndi mita, kenako mugwire.

Koma chomwe chikundichititsa kulemba nkhaniyi kwenikweni ndi kuthimathima kwa magetsi. Mavidiyo ambiri ophunzitsa za VFD amajambulidwa m'mayiko momwe magetsi amathima kamodzi pa chaka. Ife tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Ngakhale zinthu zikakhala bwino, magetsi a kumidzi amathima ndi mphepo, mvula kapena nthambi yogwera pa laini. Tsono taganizani izi. Lathe ikusema, magetsi athima. Mmisiri aona kuti mpata wapezeka, atenga kiyi n'kuika pa chuck kuti amasule chitsulo, kapena ayamba kuchotsa zosemedwa ndi dzanja. Magetsi abwera. Ngati swichi yoyambitsira ndi ija yokhala pomwe mwaisiya, ndipo VFD yakonzedwa kuti iziyamba yokha magetsi akabwera, chuck izungulira dzanja lili pomwepo. VFD zambiri zili ndi setingi yodziyambitsa yotereyi chifukwa pa pampu ya madzi kapena pa fani ndi yothandiza. Pa lathe iyenera kuzimitsidwa, ndipo kuyambitsa makina kudutse pa relay yomwe imadzimasula magetsi akathima, kuti pafunike chala cha munthu pa batani asanayendenso. Batani lofiira loimitsira mwadzidzidzi lilumikizidwe m'njira yoti waya wake akaduka, kaya ndi khoswe, makina aime. Lisadalire pulogalamu ya kompyuta yokha. Chuck yolemera siima msanga, choncho resistor yothandiza kuimitsa ndi yofunika, apo ayi VFD imadzithimitsa chifukwa cha mphamvu yobwerera kuchokera ku mota ndipo chuck imangozungulirabe mpaka itatopa.

Nyengo yathunso ili ndi zake. Mphenzi za m'dzinja zimafuna chotetezera pa khomo la bokosi. Fumbi la mu Okutobala, deya wa pa chigayo choyandikana ndi tizidutswa ta chitsulo zikalowa mu VFD zimatseka mpweya kapena kulumikiza pomwe sipayenera, ndiye iikidwe m'bokosi lotsekeka lokhala ndi sefa. Mota ikamayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali, fani yake yomwe ili pa shafti imazungulanso pang'ono ndipo motayo imatentha. Magiya akale a lathe musawachotse. Pa ntchito yolemera gwiritsani giya yotsika, mota iziyenda pa liwiro lake labwino.

Alipo amene amati zonsezi ndi kusokerera chigamba chatsopano pa malaya akutha, ndipo nthawi zina amanena zoona. Lathe yomwe njanji zake zinadyeka pafupi ndi chuck idzasema zokhota ngakhale muiike kompyuta yodula chotani. Mmisiri waluso amadziwa kunyengerera makina otere ndi dzanja lake, pamene kompyuta imangomvera manambala. Choncho yezani kaye, semani chitsulo choyesera, muone kusiyana kwa mbali ziwiri musanatulutse ndalama. Ena amaopa kuti CNC idzalanda ntchito amisiri akale. Ine ndikuona kuti popanda iwo sitingapite patali. Wophunzira wa ku yunivesite amadziwa kuwerengera V/f pa pepala, koma bambo amene wasema zitsulo moyo wake wonse amamva ndi khutu lokha kuti mpeni wabuntha.

N'chifukwa chake ndikanakonda kuona ma project a chaka chomaliza ku MUBAS ndi ku MUST akuchoka pa kompyuta n'kufika m'mashopu enieni, mogwirizana ndi anzathu a m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, monga Namitete Technical College yomwe ili mu msewu womwewu. Kukoka laini kuchokera pa mita kufika pa bokosi la makina ndi ntchito ya munthu wa chiphaso cha MERA, ndipo digiri yathu siilowa m'malo mwa chiphasocho. Koma kujambula bokosilo, kusankha VFD yoyenera, kulemba chithunzi cha mawaya m'Chichewa ndi m'Chingerezi n'kuchimata m'kati mwa chitseko kuti wodzakonza pambuyo pathu asavutike, zimenezi tingathe tchuthi chikubwerachi. Amene kwanu ndi cha ku Mpingu, Nambuma kapena Namitete, mukapeza lathe yogona pansi pa lona kuseri kwa shopu, pemphani mwini wake akuloleni kujambula kachitsulo ka pa mota, muone ngati palembedwa 230/400 V.