Wogula sola ayambe wafunsa za batire

Magetsi akazima masana pa msika wa Limbe, Lilongwe kapena Mzuzu, oyamba kudandaula ndi ometa tsitsi, otchaja mafoni, ogulitsa mafirizesi ndi eni maokala amene asunga nyama kapena nsomba mufiliji. Kwa iwowa ola limodzi lopanda magetsi ndi ndalama yotayika, mwinanso mpamba umene.

Vutoli silidzatha mawa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuzimazima kudapitirira chaka. Amalonda ambiri adathamangira sola, ndipo adachita bwino. Cholakwika n'chakuti ambiri amathira ndalama zonse pa mapanelo a padenga, batire n'kugula lotchipa lililonse. Panelo imagwira ntchito dzuwa likamawala basi. Malonda a madzulo, kuyambira 6 koloko mpaka kutseka, amadalira batire. N'chifukwa chake ngakhale malo aakulu opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 ku Golomoti, m'boma la Dedza, adawamangira mabatire.

Choyamba, batire la galimoto si la sola. Lidapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa poliza injini, osati kuyatsa shopu usiku wonse. Wolitapa tsiku ndi tsiku amalitaya pakangopita miyezi yochepa. Mabatire oyenera ali mitundu iwiri: a asidi kapena a gel opangidwira sola, ndi a lithium. La asidi silifuna kutapidwa kupitirira theka, ndipo limafooka likatchajidwa ndi kutapidwa maulendo mazana angapo. La lithium, makamaka lolembedwa LiFePO4, limalola kutapidwa pafupifupi 80 peresenti ndipo limapirira maulendo masauzande.

Masamu ake ndi osavuta. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga 1,200Wh, koma ngati ndi la asidi zogwiritsa ntchito ndi 600Wh zokha. Wometa amene ali ndi mashini awiri a mawati 15, mababu atatu a mawati 10 ndi wailesi ya mawati 20 akudya mawati 80 pa ola. Pa maola 6 ndi 480Wh, ndiye batire limodzi lamukwanira. Akangolumikizapo filiji yaikulu, batire lomwelo silifika m'mawa. Filiji imafunanso inveta ya pure sine wave yotha kunyamula mphamvu yochuluka imene imakoka poyamba kulira. Inveta yotchipa imatha kuotcha mota.

Pa mtengo, wamalonda aliyense amadziwa kuti zotchipa zimadula pambuyo pake. Funso loyenera n'lakuti batire lidya ndalama zingati pa chaka. Batire la lithium likakhala lokwera mtengo katatu koma n'kukhala nthawi yotalika kasanu, lotchipa ndi lomwelo. Komanso mabatire amabwera kuchokera kunja, ndiye mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankasintha batire chaka ndi chaka ndiwo adamva kuwawa kwambiri.

N'zoona kuti si aliyense ali ndi mpamba wogulira lithium lero, ndipo kukongola kwa akatapira chifukwa cha batire n'kudzikolowekera chingwe pakhosi. Wa ndalama zochepa agule batire laling'ono koma lenileni la sola, alumikizepo zokhazo zobweretsa ndalama, TV ndi ayironi zidikire ESCOM. Wa filiji aiyatse masana dzuwa likuswa mtengo, aikemo mabotolo a madzi kuti aundane, usiku asamaitsegule pafupipafupi. Madzi oundanawo amasunga kuzizira popanda kudya batire. Mashopu oyandikana angathenso kusonkherana n'kugula chipangizo chimodzi chabwino, bola agwirizane polemba za kagwiritsidwe kake.

Kasamalidwe nakonso n'kofunika. Kutentha kumafupikitsa moyo wa batire, choncho lisakhale pafupi ndi malata kapena mbaula. Likhale pamalo popita mphepo, ndipo pakati pa panelo ndi batire pakhale charge controller, osalumikiza mwachindunji. Batire latsopano lisaphatikizidwe ndi lakale, chifukwa lakalelo limafooketsa latsopanolo.

Pomaliza, wogula aumirire risiti ndi chitsimikizo cholembedwa, aone tsiku limene batire lidapangidwa, ndipo la asidi alinyamule. La 100Ah lenileni limalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndiye lopepuka ngati chigubu chopanda madzi likunama. A MBS ndi a MERA nawo ayendere m'misika kuchotsa mabatire achinyengo. Koma iwo asanafike, mlonda woyamba wa mpamba ndi mwini wake: wogulitsa amene akukana kulemba chitsimikizo wanena kale zoona za katundu wake.