Pemphero la Pambuyo pa Nsima

Mwezi uno nkhokwe zadzaza, mtedza uli padzuwa, ndipo ana sagonanso ndi njala. Tsono tifunsane: ife amene tidagwada m'Januwale kupempha mvula, kodi tagwadanso kuti tithokoze?

Kupempha tonse tikudziwa. Akuluakulu amene adaona njala ya 1949, ndi ife amene tidaona ya 2002, tikumbukira m'mene anthu ankalirira kwa Mulungu, gaga atasanduka chakudya cha mtengo wapatali. Koma kuthokoza kumativuta. Luka Woyera asimba za akhate khumi amene Ambuye Yezu adawachiritsa. Mmodzi yekha, Msamariya, ndiye adabwerera kudzagwada pa mapazi ao. Enawo sitinena kuti adali oipa mtima ai. Kapena adangofulumira ndi chimwemwe. Nafenso timatero: tisanadye tidzilemba chizindikiro cha mtanda, koma tikakhuta aliyense asamba m'manja nanyamuka.

Inu abambo a panyumba, musalole kuti mbale zichoke pamphasa musanapemphere. Tchulani mphatsozo ndi maina ake: ufa, nkhwani wotendera, madzi a pachitsime, ndi manja a amai amene adasinja ndi kuphika (iwowa timawaiwala kawirikawiri). Mwana womva zotere sataya mkute, ndipo bambo amene wathokoza Mulungu chifukwa cha chimanga achita manyazi kuchigulitsa kuti akamwere kachasu.

Mau akuti Ukaristia m'Chigriki atanthauza kuthokoza. Pa Misa ya masika, tengani lichero la chimanga mukapereke kuguwa, ndipo lina mukatule kwa mai wamasiye wa m'mudzi mwanu amene munda wake sudabereke chaka chino.