Dzina la Munthu Si Primary Key

Pali chizolowezi china pakati pa ife achinyamata olemba mapulogalamu chimene tifunika kuchikana poyera. Munthu akupanga app ya chilimba ndi Python, walemba class ya mamembala, ndiye SQLAlchemy yamukanira kuti "could not assemble any primary key columns for mapped table". M'malo mofunsa chimene chavuta, athamangira kuika primary_key=True pa column imene ili pafupi, kawirikawiri ya dzina kapena ya nambala ya foni. Error yachoka, iye wakondwa.

Koma error ija inali kufunsa funso la nzeru: mzere uwu ndidzausiyanitsa bwanji ndi unzake? SQLAlchemy imazindikira zimene yawerenga mu session potsatira primary key. Ngati tebulo linalipo kale, inu n'kungouza class kuti key ndi dzina, database siidziwa zimenezo, ipitiriza kulandira maina ofanana. Manje m'gulu muli a Banda awiri a dzina limodzi, wina wa ku Chawama, wina wa ku Matero. Pulogalamu idzawaona ngati munthu mmodzi. Amene anasonkha K500 adzaoneka ndi ndalama za mnzake, ndipo tsiku logawana, wotchedwa kawalala adzakhala msungichuma. Wolemba app adzakhala ali kunyumba, foni yozima.

Nambala ya foni nayo siithandiza. Tonse tidziwa anthu oyenda ndi SIM ya Airtel ndi ya MTN, mawa yatayika imodzi, agula ina. Ena adzati, "Nanga NRC?" Iyo ndi yabwinoko, sitikana. Koma munthu amaitenga akafika zaka 16. Tsiku limene mayi adzafuna kulembetsa mwana wake wa giredi 5 m'gulu, mudzalemba chiyani pamenepo?

Chotikwiyitsa n'chakuti njira yoyenera ndi mzere umodzi chabe. Ikani column ya id, ya mtundu wa Integer, yokhala ndi primary_key=True, database izipereka nambala yokha. Django imachita zimenezi popanda kuuzidwa, n'chifukwa chake ochokera kumeneko amadabwa akakumana ndi error iyi. NRC ikhale column yapadera ya unique=True, yololedwa kukhala yopanda kanthu. Ndipo ngati tebulo lili kale ndi mamembala, kusintha class sikukwanira. Chitani migration ndi Alembic kuti id ija ifike mu database mwenimweni.