Za Kugawa Ndalama Pogula Choimbira cha M'nyumba

Ambiri akagulitsa mbewu amalakalaka nyimbo zomveka bwino m'nyumba mwao. Nkwabwino ndithu, malinga chimanga cha ana ndi fizi zasungidwa kale. Tsono ndalama yotsalayo tiigawe bwanji?

Choimbira chikhala pa mafuwa atatu: chotulutsa nyimbo, monga foni, CD kapena galamafoni, ampulifaya, yopatsa nyimboyo mphamvu, ndi masipika. Fuwa limodzi likafupika, mphika upendekeka.

M'zaka za m'ma 1970, Ivor Tiefenbrun wa kampani ya Linn ku Scotland anaphunzitsa kuti ndalama zambiri zipite ku galamafoni, pakuti chimene singano yataya pa mbale, sipika sangachibweze. Koma chiyambire 1982, pamene CD inatuluka, zotulutsa nyimbo zotchipa zomwe zimveka bwino, ndipo masipika ndiwo asiyanitsa choimbira chabwino ndi choipa.

Chifukwa chake ife tilangiza kotere: pa magawo 10, masipika atenge 4, ampulifaya 3, chotulutsa nyimbo 2, mawaya 1. Waya wa mkuwa wonenepa bwino akwanira, ngakhale akhale wotchipa. Musanyengedwe ndi mawati olembedwa pa bokosi, popeza kuti mawu amveke okwera kawiri pafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Onetsetsaninso kuti ma ohm a sipika, 4 kapena 8, agwirizana ndi ampulifaya, kuti ingapse. Kumene kulibe magetsi, muyambe mwachotsa mtengo wa batire ndi sola musanagawe.

Potsiriza, musalipire musanamve ndi makutu anu nyimbo imene muidziwa bwino. Paja akulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.