Ndani Adzalemba za Akapolo 400 a Pedanius?

M'chaka cha 61 Yesu atabadwa, mkulu woyang'anira mzinda wa Roma, Pedanius Secundus, anaphedwa ndi kapolo wake m'nyumba mwake momwe. Mwambo wa Aroma unkati mbuye akafa chotero, akapolo onse ogona pansi pa denga lake aphedwe, wodziwapo kanthu ndi wosadziwa yemwe. Pedanius anali nawo 400. Anthu wamba anakhamukira m'misewu atanyamula miyala ndi miuni, kukana kuti ana ndi amayi osalakwa afe. Koma m'nyumba ya malamulo, katswiri wa malamulo Gaius Cassius Longinus anaumirira kuti mwambo usasinthe, ati khamu la akapolo a mitundu yosiyanasiyana silingagwidwe ndi china koma mantha. Mfumu Nero anandandalika asilikali m'mbali mwa njira, onse aja n'kutengedwa kukaphedwa.

Nkhaniyi tikuidziwa chifukwa cha wolemba mbiri Tacitus. Mfundo za Cassius anazilemba mwatsatanetsatane. Nanga mwa anthu 400 aja anatchulapo ndani? Palibe, ngakhale wakupha yemwe. Ndiye wolemba wa lero akakhala pansi kuti apeke nkhani ya ku Roma wakale, akuima pati? M'nyumba ya malamulo, momwe mawu alipo kale ongotola, kapena pamzere wa opita kukafa, pomwe mawu ayenera kuwafuna yekha?

Pabwalo, mfumu yanzeru sigamula mlandu itamva mbali imodzi. Koma pafupifupi zonse zimene Roma anatisiyira pa za ukapolo zinachokera m'kamwa mwa eni akapolo. Cato wamkulu analangiza mwini munda kuti kapolo wokalamba ndi wodwala amugulitse pamodzi ndi ng'ombe zotha mphamvu ndi zitsulo zakutha. Varro anaika kapolo m'gulu la zida za pamunda, kusiyana kwake n'koti chida ichi chimayankhula. Kukhoti, umboni wa kapolo unkalandiridwa pokhapokha atayamba wazunzidwa. Kodi wolemba amene wamwa pachitsime chotere kwa zaka akudziwa kuti madzi ake amusintha maso?

Olemba ambiri amathawira kwa anthu awiri. Woyamba ndi Spartacus, yemwe m'chaka cha 73 Yesu asanabadwe anathawa ku Capua ndi anzake pafupifupi 70, n'kusautsa magulu ankhondo a Roma mpaka 71, pamene mkulu wa asilikali Crassus anapachika anthu 6,000 m'mbali mwa msewu wochoka ku Capua kupita ku Roma. Howard Fast anamulembera buku mu 1951 atangotuluka m'ndende ku America, ndipo kanema wa mu 1960 anamukweza pamtanda, chonsecho wolemba mbiri Appian amati anafera kunkhondo, mtembo wake osapezeka. Kupeka n'kololedwa. Funso lathu lili pena: maloto othetsa ukapolo padziko amene timamuika m'kamwa ndi ake kapena ndi athu? Palibe umboni woti ankafuna kugwetsa ukapolo wonse. Kodi munthu wongofuna kuthawa, kukafa ali mfulu kwawo, sakwanira kukhala mwini nkhani mpaka titamuveka malaya a nthawi yathu?

Wachiwiri ndi Tiro, kapolo amene anali mlembi wa Cicero, amene Robert Harris anamupatsa mawu m'mabuku atatu kuyambira ndi Imperium mu 2006. Ndi mabuku okoma, ndipo Tiro analidi wokondedwa. Makalata amene a m'banja la Cicero ankamulembera alipo, odzaza nkhawa akadwala. Kalata ya Tiro yowayankha palibe ngakhale imodzi. Ndipo Cicero yemweyo, kapolo wake wina Dionysius atathawa ndi mabuku, analembera akuluakulu a asilikali kutsidya la nyanja ya Adriatic kuti amusake. Bwanji timakonda kuonera Cicero m'maso mwa kapolo amene anakhala, osati amene anathawa? Kodi si chifukwa choti kapolo wokhulupirika amatilola kukonda mbuye popanda mtima kutitsutsa?

Pali mwala wina wa pamanda umene wolemba aliyense wa nkhani zoterezi ayenera kuuyang'ana nthawi yaitali. Uli ku South Shields, kumpoto kwa England, pafupi ndi khoma la Hadrian. Ndi wa mayi wotchedwa Regina, mbadwa ya ku Britain komweko, amene anamwalira ali ndi zaka 30. Anauika ndi Barates wa ku Palmyra, ku Syria, yemwe anali mbuye wake, kenako anamumasula n'kumukwatira. Mayiyo anasemedwa atakhala pampando woluka, dengu la ulusi mbali ina, bokosi la zokometsera mbali ina. Pansi pa mawu a Chilatini, Barates anawonjezera mzere wa maliro m'chinenero cha kwawo. Nkhope ya Regina inasweka, sitingaione.

Wolemba waulesi aona chikondi chowoloka nyanja. Mwina chinalipodi, ndipo chisoni cha mwamunayo sitikuchinyoza. Koma kodi Regina akanatha kukana? Tsiku loyamba limene Barates anamugwira dzanja, anali ndani kwa iye, mkazi kapena katundu? Lamulo la Aroma silinkalola mdzakazi womasulidwa amene wakwatiwa ndi mbuye wake kumusiya n'kukwatiwa kwina mbuyeyo asanavomere. Nkhani yoona ya mwalawu ili pamenepo: munthu amakonda bwanji, kapena amanamizira bwanji kukonda, pamene mawu oti ayi anamulanda? Buku limene lidumpha funso limeneli kuthamangira ku ukwati laberanso Regina kachiwiri.

Mphamvu nayo isalembedwe ngati nkhani ya chikoti chokha. Nkhanza za Vedius Pollio, amene anafuna kuponyera kapolo nsomba zolusa chifukwa choswa chikho, n'zosavuta kulemba, ndipo wowerenga amachoka akudziona woyera. Chovuta ndi kapitawo wa pamunda, yemwe nayenso anali kapolo, koma ndiye ankagawa chakudya ndi kutsekera anzake usiku. Chovuta ndi Epaphroditus, kapolo womasulidwa amene anadzakhala mlembi wa Nero, iyenso n'kukhala mbuye wa kapolo wina, Epictetus. Ife tikamva za ukapolo timakumbuka goli ndi doko la Nkhotakota, ena amakumbuka minda ya ku America. Wa ku Roma sunkayendera khungu. Lonjezo la ufulu linali chingwe cholimba kuposa unyolo, ndipo Tacitus amati mwina Pedanius anaphedwa chifukwa chokana kumasula kapolo atagwirizana kale mtengo. Ndi olemba angati amene alimba mtima kulemba kapolo wopereka mnzake kuti tsiku lake lomasulidwa lisachedwe, osamusandutsa chilombo?

Wina anganene kuti popanda mawu awo tipeka bwanji. Koma si ntchito yake ya nkhani yopeka imeneyo? Mbiri imaima pomwe umboni wathera, wopeka amapitirira, bola asanamize zimene zikudziwika. Ndipo dothi likuyankhula. Mu 2021, ku Civita Giuliana pafupi ndi Pompeii, ofukula zakale anapeza kachipinda ka akapolo: mabedi atatu a matabwa ndi zingwe, limodzi lalifupi ngati la mwana, mphika wokodzeramo usiku, mitsuko yosungidwa pakona, zipangizo za ngolo, ndi kawindo kamodzi m'mwamba. Anthu ankagona m'nyumba yosungiramo katundu, pakati pa katundu mnzawo.

M'nyumba ya Pedanius mwina munalinso tizipinda totere. Usiku umene nyumba ya malamulo inagamula, phokoso la khamu likumveka kunja, mayi wina anali ndi mwana pabedi lalifupi. Anamuuza kuti mawa apita kuti?