Kodi ndewu iyamba nthawi yanji?

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa folomu 3, wandinyozera filimu. Ndidamuitana madzulo ena magetsi atathima kuti tionere limodzi Bicycle Thieves pa laputopu, batire isanathe. Adapirira pang'ono, kenako ndidangomva: "Asibweni, kodi ndewu iyamba nthawi yanji?" Nditamuuza kuti ndewu mulibe, adadzuka mwaulemu n'kunena kuti akukatunga madzi. Migolo yonse pakhomo idali yodzaza.

Mwanayu alibe mlandu. Wakulira m'mavidiyo sho a pa Jenda pano, tinyumba tamdima tija ta mabenchi, chimkuzamawu chili panja kulira mpaka amayi ogulitsa tomato ndi anyezi pa rodibuloko kutsatira nawo nkhani. M'menemo lamulo ndi limodzi: mwini filimu safa. Amuwombere, amuponye m'phompho, iye adzuka, asansa fumbi, amaliza adani onse ndi dzanja limodzi. Ifenso tidaleredwa ndi Rambo ndi Bruce Lee, kenako a ku Nigeria adatipeza ndi asing'anga awo. Koma munthu sungakalambire pa benchi yomweyo.

Filimu imene mnyamatayu adathawa adaipanga Vittorio De Sica ku Italy mu 1948, nkhondo itangotha, ntchito zikusowa. Bambo wina wa ku Rome wapeza ntchito yomata mapepala m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna njinga. Mkazi wake apereka nsalu zogonera ngati chikole kuti awombole njinga yomwe idapinyolitsidwa. Tsiku loyamba kuntchito, njinga ija yabedwa. Filimu yonse ndi bambo ndi kamwana kake kusakasaka njinga mumzinda, mpaka bamboyo ayesa kuba ya wina, amugwira, amuchititsa manyazi mwana akuona. Basi. Amene adasewera ngati bamboyo sadali katswiri, adali wantchito wa m'fakitale. Tsono tandiuzani, wakabaza wa pa siteji ya ku Embangweni amene njinga yake adaitenga pa ngongole, ali pafupi ndi ndani, Rambo kapena bambo ameneyu? Yankho mukulidziwa.

Koma imene imandisowetsa tulo ndi Mandabi, ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya mu 1968. Mkuluyu adagwirako ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille, adalemba mabuku, kenako adaona kuti anthu akwawo ambiri sangawawerenge, ndiye adakaphunzira za mafilimu ku Moscow. Mandabi adaipanga m'chilankhulo cha kwawo, Chiwolofu. Nkhani yake ndi iyi: Ibrahima Dieng, mkulu wa mitala wosowa ntchito ku Dakar, walandira chikalata cha ndalama kuchokera kwa mwana wa mlongo wake amene amasesa misewu ku Paris. Ndalama zambiri n'zoti amusungire mwini wake, zina n'za mayi a mnyamatayo, zake n'zochepa. Koma mbiri yawanda kale. Akazi ake atenga mpunga pa ngongole kugolosale, anansi ayamba kufika m'modzim'modzi ndi mavuto awo. Ku positi ofesi akuti abwere ndi chitupa. Kuti apeze chitupa pakufunika kalata yobadwira ndi chithunzi. Wojambula amudyera ndalama. Pomaliza munthu wa tayi amene adati amuthandiza ndi amene atenga zonse.

Mwamva Dakar, koma m'mutu mwanu mwabwera nkhope ya munthu wa kwanu. Kuno ku Mzimba ndi banja liti lilibe mwana ku Joni? Ndani sadaonepo nkhalamba itavala jekete la Lamulungu pakati pa sabata, ikupita kukatapa ndalama za mwana, abale atandandana kale pakhonde kudikira? Ndipo ndani sadamvepo za nyumba imene mnyamata adakhala akutumizira ndalama za malata zaka ndi zaka, pobwera n'kupeza maziko okha, udzu utamera? Sembène adamwalira mu 2007, koma adatijambula ife.

Anthu amati mafilimu oterewa ndi ochedwa, munthu amangoyenda, kamera ili pambuyo pake. Inde ndi ochedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pali ina ya ku Iran, ya Abbas Kiarostami, ya mu 1987, imene nkhani yake yonse ndi kamnyamata kofunafuna nyumba ya mnzake kuti kamubwezere kope limene kadatenga mosadziwa, poopa kuti mnzakeyo achotsedwa sukulu. Akuluakulu onse amene kakuwafunsa njira sakukamvetsera. Mulibe mfuti, koma mtima umagunda kuposa pamene helikopita ikuphulika, chifukwa helikopita tikudziwa kuti mwini filimu atulukamo, pamene za kope sitikudziwa.

Apa ndiye pali dandaulo langa lakale, lokhudza anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Luso ali nalo, ndipo agwira ntchito imene ena a masukulu adailephera: agogo osadziwa Chingerezi lero amatsatira nkhani ya ku Korea bwinobwino. Koma anyamatawa amaopa bata. Munthu m'filimu akangokhala chete kuganiza, iwo aponyapo nthabwala, apereka moni kwa anzawo a ku Ndirande, alengeza nambala ya foni. Maliro ali mkati, womasulira akuseketsa anthu. Paja pamene wopanga filimu adafuna kuti tiyang'ane nkhope ya munthu, ife tili kalikiliki kuseka za nsapato zake.

Ndiye musanene kuti ndimangotamanda zakunja. Shemu Joyah wathu adapanga Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene idali yoyamba dziko lino kutumiza ku mpikisano wa Oscar. Tsidya linalo la malire, lomwe anthu a pano amapitako panjinga, Rungano Nyoni wobadwira ku Lusaka adapanga I Am Not a Witch, ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, n'kulandira mphotho ya BAFTA mu 2018. Nkhani yonamizira ana ndi okalamba ufiti sitichita kuimvera pa wailesi, ili m'midzi mwathu. Komabe ine sindidaonepo dzina la Joyah kapena la Nyoni litalembedwa ndi choko pa bolodi ya vidiyo sho pano. Azungu a ku London adamuombera m'manja Nyoni, ife aneba tikadali pa karate.

Eni mavidiyo sho adzati ana salipira kuti aone bambo akusaka njinga. Mwina. Koma adayesapo liti? Anyamata omasulira, yambani ndi Mandabi, ndipo wina akaiika m'Chitumbuka ndiye kuti wagwira mtima wa Mzimba yense. Pamene Ibrahima wakhala chete, inunso tsekani pakamwa. Tsiku loyamba kuionetsa, benchi yakutsogolo ndidzalipira ndine.